Joseph Black, Munthu Amene Anayeza Mpweya pa Sikelo

M'nyumba zambiri za Achewa, kaya ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique kapena m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, kapaketi ka soda sikasowa. Mayi akamakonza chigumu amatapa soda pang'ono n'kumusakaniza ndi ufa, nthochi zakupsa ndi chambiko. Chigumucho chikakhala pamoto chimafufuma, ndipo munthu akachinyema amapeza timabowo tambirimbiri m'kati mwake. Mwana akafinyira ndimu pa soda amaona thovu likutuluka mwaphokoso ngati madzi owira, ngakhale palibe moto. Chimene chimafufumitsa chigumu ndi chimene chimatulutsa thovulo ndi chinthu chimodzi: mpweya umene lero umatchedwa carbon dioxide. Mpweyawu suoneka, ndipo kwa zaka zambiri anthu ophunzira sankadziwa kuti ndi wosiyana ndi mpweya wamba umene anthu amapuma. Munthu amene anasonyeza kuti mpweyawu ndi chinthu chapachokha, cholemera, chimene chimatha kumangika m'kati mwa mwala kapena ufa n'kumasukanso, anali dokotala wa ku Scotland dzina lake Joseph Black. Chida chake chachikulu chinali sikelo.

Ubwana wake

Joseph Black anabadwa pa 16 Epulo 1728 mumzinda wa Bordeaux, m'dziko la France. Makolo ake anali alendo m'dzikolo. Bambo ake, a John Black, anachokera ku Belfast, pachilumba cha Ireland, ndipo anapita ku France kukachita malonda a vinyo. Mayi ake, a Margaret Gordon, anali a m'banja lochokera ku Aberdeenshire, kumpoto kwa Scotland. M'banjamo munabadwa ana ambiri. Kunja kwa nyumba anthu ankalankhula Chifalansa, koma mayiwo ndi amene anaphunzitsa ana awo kuwerenga Chingerezi, chinenero cha kwawo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Joseph atakwanitsa zaka 12 anatumizidwa ku Belfast kwa abale a bambo ake kuti akaphunzire Chilatini ndi Chigiriki. Atamaliza kumeneko anawoloka nyanja kupita ku yunivesite ya Glasgow, ku Scotland. Mzinda wa Glasgow uli pafupi ndi tauni ya Blantyre kumene David Livingstone anadzabadwira mu 1813, tauni imene mzinda wa Blantyre wa ku Malawi unatengerako dzina. Bambo ake atamuuza kuti asankhe ntchito yoti adzadye nayo, Joseph anasankha udokotala.

Pa nthawiyo ku Glasgow kunali mphunzitsi wina wotchuka, William Cullen, amene anayamba kuphunzitsa kemisitiri mu 1747. Kemisitiri ndi sayansi yofufuza zimene zinthu zinapangidwa nazo ndi mmene zimasinthira zikasakanikirana kapena zikatenthedwa. Madokotala ambiri ankaiona ngati luso longosakaniza mankhwala, koma Cullen ankaiphunzitsa monga sayansi yoima payokha. Iye anaona kuti Black anali mnyamata wodekha ndi wa manja osamala, choncho anamutenga kuti azimuthandiza m'chipinda chake choyesera zinthu. Mmenemo ndi mmene Black anaphunzirira kusakhulupirira chinthu asanachiyese.

Mkangano wa madzi a laimu

Cha m'ma 1752 Black anasamukira ku yunivesite ya Edinburgh kukamaliza maphunziro a udokotala. Kuti apatsidwe digiri, anayenera kulemba kafukufuku wake m'Chilatini. Masiku amenewo matenda a miyala ya m'chikhodzodzo ankazunza anthu ambiri ku Ulaya. Kuchotsa mwala woterewu kunkafuna kung'amba munthu ali maso, pakuti mankhwala ogonetsa kunalibe, ndipo ambiri ankafa ndi zilonda. Anthu ankafunitsitsa mankhwala akumwa amene akanasungunula mwalawo. Mu 1739 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inavomera kupereka mapaundi 5,000 kwa mayi wina, Joanna Stephens, kuti aulule chinsinsi cha mankhwala ake. Zinapezeka kuti m'mankhwalamo munali zigoba za mazira zowotcha, nkhono ndi sopo. Zigoba zikawotchedwa zimasanduka laimu, choncho madokotala anayamba kuganiza kuti madzi a laimu ndiwo mankhwala.

Ku Edinburgh aphunzitsi awiri akuluakulu, Robert Whytt ndi Charles Alston, anali pamkangano waukulu pa nkhani imeneyi. Whytt ankati laimu wochokera ku zigoba za nkhono za m'nyanja ndiye wamphamvu kuposa wochokera ku miyala, ndipo Alston ankatsutsa. Black anaona kuti wophunzira wolowerera mkangano wa aphunzitsi ake angapsere pakati. Iye anasiya laimu n'kusankha ufa wina woyera wofanana naye, wotchedwa magnesia alba, umene anthu ankamwa pochiza chilungulira ndi kudzimbidwa. Posakhalitsa anapeza kuti ufawo sungasungunule miyala ya m'chikhodzodzo. Wophunzira wina akanaugwetsera pomwepo. Koma Black anali ataona kanthu kena kodabwitsa, ndipo anakatsatira.

Zimene sikelo inaulula

Black anayeza ufa wa magnesia pa sikelo, anauika m'kamphika kadothi, n'kuutentha pamoto waukali kwa ola limodzi. Utazizira anauyezanso. Ufawo unkaoneka woyera monga kale, koma unali utapepuka kwambiri: pa magawo 12 alionse, magawo 7 anali atachoka. Funso linali lakuti magawo amenewo apita kuti. Poyamba anaganiza kuti mwina anali madzi. Anatenthanso ufa wina m'botolo la khosi lalitali kuti agwire nthunzi yonse, koma timadzi timene anapeza tinali tochepa kwambiri poyerekeza ndi kulemera kumene kunasowa.

Kenako anayesa ndi asidi, ndiye kuti madzi owawasa amphamvu a mtundu umodzi ndi viniga kapena madzi a mandimu. Atathira asidi pa ufa wosatenthedwa, thovu linatuluka lambiri. Atathira asidi yemweyo pa ufa wotenthedwa uja, ufawo unasungunuka mwakachetechete, popanda thovu. Komabe mchere umene unatsala pambuyo pake unali wofanana mbali zonse ziwiri. Apa Black anazindikira kuti chinthu chimene moto unathamangitsa ndi chomwecho chimene asidi ankatulutsa monga thovu. Chinthucho chinali mpweya, ndipo mpweyawo unali gawo lalikulu la kulemera kwa ufa uja.

Iye sanakhutire ndi kuutulutsa kokha. Anafuna kuona ngati ungabwererenso. Pa ntchito imeneyi anagwiritsa mchere wochokera ku phulusa la zomera. Mchere umenewu ndi womwe umapezeka m'chidulo, madzi a phulusa amene amayi amacheza pophika therere kapena khwanya. Black anasungunula ufa wotenthedwa uja mu asidi n'kuthiramo madzi a mchere wa phulusa. Pansi pa botolo panadikha ufa woyera. Atautsuka, kuuumitsa ndi kuuyeza, anapeza kuti wabwerera pafupifupi pa kulemera kwake koyamba, ndipo unayambanso kuchita thovu ukakumana ndi asidi. Mpweya uja unali utasamuka kuchoka mu mchere wa phulusa kulowa mu magnesia, monga mmene katundu amasamukira kuchoka m'dengu lina kulowa m'dengu lina.

Black analemba zimenezi mu kafukufuku wake wa mu 1754 ndipo anapatsidwa digiri ya udokotala. Tsopano anali womasuka kubwerera ku laimu. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti mwala wa laimu ukawotchedwa m'ng'anjo umamwa mphamvu ya moto, ndipo ndi chifukwa chake laimu wowotcha amatentha khungu. Black anaganiza kuti ngati mwala ukulandira kanthu kuchokera ku moto, suyenera kupepuka. Anatenga choko, chimene ndi mtundu wa mwala wa laimu, cholemera magireni 120. Gireni unali muyeso waung'ono wa nthawi imeneyo, ndipo magireni 120 ndi pafupifupi magalamu 8. Atachiwotcha, panatsala laimu wolemera magireni 68. Atamuika laimuyo m'madzi a mchere wa phulusa, anapezanso choko cholemera magireni 118. Moto sunawonjezere kanthu pa mwala, unachotsamo mpweya. Ukali wa laimu unali wake womwe, ndipo mpweya uja ndi umene unkauphimba.

Masiku ano akatswiri amadziwa kuti magalamu 100 a mwala wa laimu wopanda zosakaniza amatulutsa magalamu 44 a mpweyawu n'kusiya magalamu 56 a laimu. Wowerengetsa bwino adzaona kuti manambala a Black anali pafupi kwambiri ndi amenewa. Kusintha komweku ndi kumene kumachitika m'ng'anjo zazikulu za simenti, monga za ku Colleen Bawn ku Zimbabwe ndi ku Chilanga ku Zambia.

Mu Juni 1755 Black anawerenga zotsatira za ntchito yake pamaso pa bungwe la anthu ophunzira la ku Edinburgh, ndipo zinasindikizidwa mu 1756. Mpweyawo anaupatsa dzina la Chingerezi loti fixed air, kutanthauza mpweya womangika, chifukwa anaupeza utamangika m'zinthu zolimba. Iye sanali woyamba kukumana nawo. Zaka zoposa 100 m'mbuyomo, Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels anali atalemba za mpweya wotuluka m'makala oyaka ndi mu vinyo wowira. Koma Black ndiye anayamba kuuyeza, kuutsatira pamene ukuchoka m'chinthu china kulowa m'china, ndi kusonyeza makhalidwe amene amausiyanitsa ndi mpweya wamba.

Mpweya womwewo paliponse

Black anapeza njira yosavuta yozindikirira mpweya wake. Madzi a laimu osefedwa bwino amakhala oyera mbee ngati madzi akumwa, koma mpweyawu ukadutsamo amachita mbuu ngati mkaka, chifukwa laimu amagwira mpweyawo n'kusandukanso choko. Atapumira m'madzi otere kudzera m'kapaipi, madziwo anachita mbuu. Atayesa mpweya wochokera pa makala oyaka, anachitanso chimodzimodzi. Atapita kumalo ofululira mowa n'kutenga mpweya wa pamwamba pa mowa wowira, zotsatira zinali zomwezo. Motero mpweya wa m'mwala, wa m'chifuwa cha munthu, wa pamoto ndi wa mumbiya ya mowa unapezeka kuti ndi umodzi.

Iye anaonanso kuti madzi a laimu akasiyidwa osavundikira amachita kakhungu koyera pamwamba. Zimenezi zinasonyeza kuti mpweya womangika umapezeka pang'ono mumlengalenga. Ndi chifukwa chake njereza yopakidwa pakhoma imalimba pakapita masiku: imamwa mpweyawu pang'onopang'ono n'kubwerera kukhala mwala. Nthawi ina, ali ku Glasgow, Black anaika nsanza zonyowa ndi madzi a soda waukali pabowo lotulukira mpweya kudenga la tchalitchi china mmene munadzaza anthu kwa maola ambiri. Mpweya umene anthuwo ankapuma unakwera n'kugwidwa ndi madziwo, ndipo panapangika timibulu ta soda wofatsa.

Chinthu china chimene anaona n'chakuti mpweyawu umazimitsa moto ndipo nyama sizingakhale ndi moyo m'kati mwake. M'kalata imene analembera Cullen mu 1754 anafotokoza mmene mpweya wotuluka m'galasi la choko ndi asidi unazimitsira kandulo imene inali pafupi. Mu 1766 katswiri wina wa ku London, Henry Cavendish, anapeza kuti mpweyawu ndi wolemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kamodzi ndi theka. Chifukwa cha kulemerako umadikha pansi pa zitsime zakuya, m'maenje ndi m'migodi yosiyidwa. Okumba zitsime odziwa ntchito yawo amayamba atsitsira nyali yoyaka m'dzenje; nyaliyo ikazima, munthu salowamo.

Zimenezi zinatsegula maso a asayansi ena. Ngati panali mpweya umodzi wosiyana ndi wamba, pakanatha kukhalanso ina. Cavendish anafotokoza za mpweya wa hydrogen mu 1766. Daniel Rutherford, wophunzira wa Black, anapatula mpweya wa nitrogen mu 1772. M'chaka chomwecho Joseph Priestley, amene ankakhala pafupi ndi malo ofululira mowa ku Leeds, anafalitsa njira yolowetsera mpweya womangika m'madzi, ndipo kumeneko ndi kumene kunayambira zakumwa zoziziritsa kukhosi za thovu.

Kutentha kobisika

Mu 1756 Cullen anasamukira ku Edinburgh, ndipo Black, ali ndi zaka 28, anabwerera ku Glasgow kukalowa m'malo mwake. Kumeneko ankaphunzitsa, kuchiza odwala ndi kufufuza funso lina. Dziko la Scotland limagwa chipale chofewa m'nyengo yozizira. Black anadzifunsa chifukwa chake chipale sichisungunuka chonse nthawi imodzi kunja kukafunda, pakuti chikanatero mitsinje ikanasefukira n'kukokolola midzi chaka chilichonse. Anaika magalasi awiri ofanana m'chipinda chofunda, lina la madzi ozizira kwambiri, lina la madzi oundana olemera mofanana. Madzi ozizirawo anafunda m'theka la ola, koma oundanawo anatenga maola 10 ndi theka kuti asungunuke n'kufika pomwepo. Nthawi yonseyo ankamwa kutentha, koma chida choyezera kutentha sichinkasonyeza kukwera. Black anati kutentha kumeneku n'kobisika, ndipo anafotokozera anzake za nkhaniyi mu 1762. Anapezanso kuti zomwezo zimachitika madzi akamasanduka nthunzi, n'chifukwa chake madzi a mumphika akayamba kuwira sauma nthawi yomweyo.

Pa yunivesite yomweyo panali mnyamata wokonza zipangizo dzina lake James Watt. Iye anapatsidwa kainjini ka nthunzi kuti akakonze, ndipo anadabwa kuona kuchuluka kwa madzi ozizira ofunika kuti nthunzi yochepa isandukenso madzi. Black anamufotokozera za kutentha kobisika. Nzeru yokonzanso injiniyo, imene Watt anaipeza mu 1765, inali yake ya Watt, koma Black anamulimbikitsa, anamubwereketsa ndalama zambiri ndipo anamudziwitsa kwa John Roebuck, mwini mafakitale amene anathandiza ntchitoyo. Mutu umodzi susenza denga. Ubwenzi wa awiriwa unakhala mpaka imfa. Iwo anayesanso limodzi kupanga soda kuchokera ku mchere wa m'nyanja ndi laimu, koma ntchito imeneyo sinaphule kanthu.

Mphunzitsi wa ku Edinburgh

Mu 1766 Black anaitanidwa ku Edinburgh kukakhala pulofesa wa kemisitiri, ndipo anaphunzitsa kumeneko kwa zaka zoposa 30. Kuyambira nthawi imeneyo sanachitenso kafukufuku wamkulu. Thanzi lake silinali labwino. Akagwira ntchito mopitirira ankalavula magazi. Mphamvu zake zonse anaziika pa kuphunzitsa. Ankakonzekera phunziro lililonse mosamala, ankalankhula motsitsa mawu koma momveka, ndipo chilichonse chimene wanena ankachisonyeza pamaso pa ophunzira. Mmodzi wa ophunzira ake, Henry Brougham, atakalamba anakumbukira mmene Black ankathirira madzi owira kapena asidi kuchokera pamwamba kulowa m'kapaipi kakang'ono osataya ngakhale dontho limodzi, ndi mmene tebulo lake linkakhalira laudongo pomaliza phunziro monga linalili poyamba.

Ophunzira ankabwera kuchokera ku mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America. Mmodzi wa iwo, Benjamin Rush, anakakhala mphunzitsi wa kemisitiri ku Philadelphia. Eni mafakitale oyeretsa nsalu ndi opanga zinthu zina ankabweranso kudzapempha uphungu kwa iye. Black sankakonda kusindikiza mabuku kapena kulimbirana ulemu, moti za kutentha kobisika sanazisindikize konse. Zinafalikira kudzera m'makope a ophunzira ake.

Iye sanakwatire. Ankakonda kuimba chitoliro ndi kucheza ndi anzake ophunzira. Iye pamodzi ndi Adam Smith, katswiri wa zachuma, ndi James Hutton, katswiri wa miyala, anayambitsa kagulu kokumana mlungu uliwonse kudya ndi kukambirana. Black ndiye anali dokotala wa David Hume, munthu wotchuka pa nzeru zakuya, pa matenda amene anamupha mu 1776. Smith atamwalira mu 1790, Black ndi Hutton ndi amene anasiyiridwa udindo wosamala zolemba zake.

Atakalamba anakumana ndi mayeso a mtundu wina. Ku France, Antoine Lavoisier, amenenso ankadalira sikelo, anasonyeza kuti zimene asayansi ankaphunzitsa zokhudza kuyaka kwa moto zinali zolakwika, ndiponso kuti mpweya womangika umapangidwa ndi zinthu ziwiri, carbon wa m'makala ndi mpweya wa oxygen. Black anali ataphunzitsa chiphunzitso chakale kwa zaka zambiri, ndipo kuchisiya sikunali kwapafupi. Koma atapenda umboni anavomera, analembera Lavoisier kalata yomuuza zimenezo, n'kuyamba kuphunzitsa ophunzira ake njira yatsopano. Dzina loti carbon dioxide linadza pambuyo pake kuchokera m'chiphunzitso chimenecho.

Imfa yake

Black anasiya kuphunzitsa cha m'ma 1797, mphamvu zitachepa. Ankadya mosamala monga ankachitira zinthu zonse. Pa 6 Disembala 1799, ali ndi zaka 71, anakhala patebulo kunyumba kwake ku Edinburgh ndi buledi, zipatso zouma ndi kapu ya mkaka wosungunula ndi madzi. Wantchito wake atalowa anamupeza atakhala phee, kapu ili pamaondo, dzanja litaigwira. Poganiza kuti wagona, anatuluka, koma mtima sunamukhale ndipo anabwereranso. Black anali atamwalira, ndipo mkakawo sunatayike ngakhale pang'ono. Chuma chake anali atachigawa m'magawo 10,000 kuti wachibale aliyense alandire molingana ndi kusowa kwake. Anaikidwa m'manda a Greyfriars mumzindamo. Mu 1803 mnzake John Robison anasonkhanitsa maphunziro ake n'kuwasindikiza. Lero nyumba zophunzitsiramo kemisitiri pa mayunivesite a Glasgow ndi Edinburgh zimatchedwa ndi dzina lake.

Soda wa m'khitchini

Soda wophikira amene amagulitsidwa m'magolosale lero Black sanamuone. Wamankhwala wina wa ku Berlin, Valentin Rose, ndiye amatchulidwa kuti anamupeza mu 1801. Mu 1843 Alfred Bird wa ku Birmingham anasakaniza soda ndi asidi wouma n'kupanga ufa wofufumitsira buledi, chifukwa mkazi wake sankayanjana ndi yisiti. Mu 1846 John Dwight ndi Austin Church anayamba kupanga soda wogulitsa ku New York, ndipo m'zaka za m'ma 1860 Ernest Solvay wa ku Belgium anapeza njira yotsika mtengo yopangira soda kuchokera ku mchere ndi mwala wa laimu, zinthu zomwe zija zimene zinakanika Black ndi Watt.

Komabe zonse zimene soda amachita zimamveka ndi mfundo imene Black anapeza. Dzina la soda wophikira m'sayansi ndi sodium bicarbonate, ndipo limalembedwa mwachidule kuti NaHCO₃. Mofanana ndi choko ndi magnesia, iye ndi ufa umene wamanga mpweya m'kati mwake, ndipo pali makiyi awiri omasulira mpweyawo: asidi ndi moto. Soda akakumana ndi asidi, monga wa m'chambiko, m'mandimu, m'bwemba kapena mu viniga, pamapangika zinthu zitatu: mchere wina, madzi ndi carbon dioxide. Magalamu 84 a soda amatulutsa magalamu 44 a mpweyawu, umene ungadzaze malo a malita pafupifupi 24. Choncho kasupuni kamodzi ka tiyi, kamene kamanyamula magalamu pafupifupi 5, kamatulutsa mpweya woposa lita imodzi. Mpweyawo ukakodwa mu ufa wokanda umapanga timabowo, moto umatikulitsa n'kuumitsa makoma ake, ndipo chigumu chimatuluka chofewa.

Soda akatenthedwa yekha popanda asidi amatulutsa theka lokha la mpweya wake, ndipo chotsalacho chimasanduka soda wochapira, amene ndi waukali. Ndi chifukwa chake chigumu kapena mandasi ochulukitsa soda amachita chikasu n'kumamveka sopo m'kamwa. Mayi wodziwa kuphika amathira soda molingana ndi chowawasa chimene chilipo. Munthu wa chilungulira akamwa soda pang'ono m'madzi, sodayo amakumana ndi asidi wa m'mimba, ndipo mpweya umene munthuyo amageya ndi womwe uja Black anauyeza. Koma soda si mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, makamaka kwa odwala kuthamanga kwa magazi. M'therere soda amagwira ntchito ina, yofanana ndi ya chidulo: amafewetsa masamba msanga, ngakhale kuti akachuluka amawononga mavitamini ena.

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Owotcha laimu, ofulula mowa ndi ophika anali ataona thovu ndi kupepuka kwa miyala kwa zaka zikwi zambiri. Aphunzitsi a ku Edinburgh anali atakangana za laimu m'mabuku. Joseph Black anayeza ufa asanautenthe, anauyezanso atautentha, ndipo sanapume mpaka atapeza kumene magawo osowawo anapita.

Mafunso

1. Kodi makolo a Joseph Black anachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani iye anabadwira ku France?
2. N'chifukwa chiyani Black anasankha kufufuza magnesia m'malo mwa laimu?
3. Fotokozani mmene anadziwira kuti chinthu chimene moto unachotsa mu ufa chinali mpweya osati madzi.
4. Choko cha magireni 120 chinasiya laimu wa magireni 68. Kodi mpweya umene unachoka unalemera bwanji?
5. Tchulani malo atatu kumene Black anapeza mpweya womangika.
6. N'chifukwa chiyani chigumu chochulukitsa soda chimamveka sopo?
7. Perekani tanthauzo la mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sonyezani mmene ukugwirizanira ndi moyo wa Black.

Ntchito

Mothandizidwa ndi aphunzitsi, ikani masupuni awiri a soda m'jagi yakuya n'kuthiramo viniga kapena madzi a mandimu. Thovu likatsika, pendeketsani jagiyo pang'onopang'ono pamwamba pa kandulo yoyaka, osataya madziwo. Lembani zimene mwaona ndi chifukwa chake.